Sikirini ya pampando wanga itafa pa ulendo wa maola 11

Ndangotsika kumene, makutu akadali kulira, koma ndilembe ndisanaiwale. Mukakhala pansi mundege, yesani sikirini yanu nthawi yomweyo, zitseko zisanatsekedwe. Ikakhala yakuda kapena youma, auzeni ogwira ntchito mundege nambala ya mpando wanu, muwapemphe aiyambitsenso. Amatha kutero pa mpando umodzi wokha kuchokera pa kompyuta yawo, osasokoneza anzanu.

Ine ndinachita manyazi. Ndinkati idzuka yokha tikauluka. Ndinadina, kudinanso, mpaka bambo a kutsogolo anacheuka ndi diso lofiira, pajatu chinthucho chili kunkhongo kwawo. Pepani bambo. Masikirini akalewa amamva kukanikiza osati kusisita ngati foni, ndiye gwiritsani nsonga ya chikhadabo, musamagogode.

Pomwe ndimalimba mtima kuitana, tingolo ta chakudya tinali titatseka kale njira. Mayi wina wogwira ntchito mundege anati "ndikubwera," ndipo ola lathunthu linadutsa. Atayiyambitsanso, panatuluka timalemba toyera tothamanga ndi kambalame ka penguin pakona, chizindikiro cha Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Anandichenjeza kuti ndisakhudze kwa mphindi 15. Ndinakhudza pa mphindi yachisanu, basi yaumanso. Apo mlandu ndi wanga, ndikuvomera. Kachiwiri ndinakhalira manja, koma inangofika pa mapu osonyeza pomwe ndege ili n'kukakamira pomwepo. Usiku wonse ndinaonera kandege kakukwawa pamwamba pa nyanja.

Chomwe chinandiwawa kwenikweni si filimu ayi. Pansi pa mpando wa kutsogolo panali bokosi lachitsulo la makina oyendetsa masikiriniwa, litadya theka la malo a miyendo yanga. Mwendo wamanzere unachita dzanzi chifukwa cha chipangizo chosandithandiza kanthu! Nditapempha mpando wina anati ndege yadzaza, ndipo iwiri yomwe inali yopanda anthu inatengedwa titangonyamuka. Mwamva? Yesani sikirini musananyamuke.

Ndaiwala za mahedifoni. Ndege zina zili ndi timabowo tiwiri, ndiye anu a pini imodzi amamveka khutu limodzi lokha. Gulani ka adaputala. Ndinazindikira izi mnzanga wa pambali atandibwereka sikirini yake iye akugona, khosi langa litapindika ngati la nkhuku yodwala, filimu ikuima nthawi iliyonse woyendetsa ndege akamalankhula, m'zilankhulo ziwiri. Bowo la USB nalo limatchaja mwaulesi, musalidalire. Ikiranitu mafilimu mufoni muli pansi.

Tisanatere ndinapempha wamkulu wa ogwira ntchito kuti alembe vutolo m'buku lawo la zowonongeka, ndipo ndinajambula sikiriniyo ndi chiphaso changa chokwerera. Ndadzaza fomu ya madandaulo pa intaneti, ndipo kompyuta yandiyankha kuti ndemanga yanga ndi yamtengo wapatali kwa iwo.