Kondowole amadzaza mimba, koma minofu imafuna ndiwo

Mwezi wa Epulo chaka chatha ndinakwera sikelo kuchipatala kuno ku Nkhotakota, n'kupezeka kuti ndikulemera makilogalamu 53. Msinkhu wanga ndi mamita 1.76. Adokotala anawerengetsera pakapepala nati BMI yanga, muyeso woyerekeza kulemera kwa thupi ndi msinkhu, ili pa 17, chonsecho munthu wamkulu sayenera kutsika pa 18.5. Apo n'kuti nditatopa kale ndi manong'onong'o. Kwathu kuno ukaonda anthu sakufunsa, amangogwedeza mutu n'kumati "ndi matenda aja". Ena mwa makasitomala amene ndimawasokera zovala anali atayamba kundilankhula motsitsa mawu ngati wodwala, ndipo zinkandipweteka mumtima.

Ndinayezetsa HIV, TB ndi shuga, zonse zili bwino. Chimene anandipeza nacho ndi likodzo, poti ine ndinakulira kusambira ku Chia. Anandipatsa praziquantel, mankhwala a likodzo, komanso ena a njoka zam'mimba. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa kuwonjezera chakudya thupi lili ndi tizilombo kuli ngati kutunga madzi m'ndowa yobooka.

Amayi sankamvetsa. "Mwana wanga, nsima umamaliza mitanda inayi, kodi imapita kuti?" Yankho linali m'mbale momwemo. Kondowole wambiri, pambali tiusipa tisanu tosambira mumsuzi. Chinangwa chimapatsa mphamvu ndithu, koma mapuloteni, amene amamanga minofu, ndi ochepa kwambiri, sapitirira magalamu awiri pa magalamu 100 alionse. Mtedza wa mulingo womwewo uli ndi pafupifupi 25, soya amapitirira 35. Dzira limodzi lili ndi 6. Munthu amene akunyamula zolemera amafunika magalamu pafupifupi 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, ndiye kwa ine anali oposa 80. Nditawerengera zimene ndinkadya, ngakhale theka silinkakwana.

Kondowole sindinamusiye, ndine wa kunyanja. Ndinangosintha kukula kwa mbale ya ndiwo. M'mawa ndimamwa phala la mgaiwa wogayitsa pamodzi ndi soya, ndikuthiramo nsinjiro ndi supuni ya mafuta ophikira. Soyayo ndimayamba ndamukazinga, chifukwa wamuwisi amatupitsa mimba ndipo thupi silimupindula bwino. Cha m'ma 10 koloko, pamakina pomwepo, ndimadya mazira awiri owiritsa ndi nthochi. Masana usipa wodzaza dzanja, wodya ndi mitu ndi minga yomwe, kuphatikiza chigwada chotendera. Madzulo mpunga wa nyemba kapena khobwe, ndipo nthawi ya mapeyala sindigona osadyako theka. M'thumba la buluku simusowa mtedza wokazinga. Chovuta kwambiri chinali kudya kasanu patsiku ngakhale njala palibe.

Mnzanga wina wa kabaza anandibweretsera timapiritsi ta dexamethasone akuti tonenepetsa msanga. Ndinakana. Mankhwala amenewa amatupitsa nkhope ndi mimba, manja ndi miyendo n'kumawondabe, komanso amakweza shuga ndi BP. Chonde, abale anga, musamwe popanda adokotala.

Jimu, malo onyamulira zolemera, ndinapanga ndekha kuseri kwa nyumba. Ndinatenga zitini ziwiri za penti, n'kuthiramo simenti ndi mchenga, pakati n'kulowetsa paipi. Zigubu ziwiri za malita 20 ndimazidzaza madzi, chilichonse n'kulemera makilogalamu 20, ndiye ndimayenda nazo kuchokera pakhomo kukafika pamtengo wa mango n'kubwerera. Panthambi ya mangoyo ndimadzikoka mpaka chibwano chidutse. Tsiku loyamba ndinakwanitsa kawiri kokha, manja akunjenjemera, khungwa litandisupula m'zikhatho. Lero ndimafika 11. Ndimachitanso mapushapu ndi kunyonyomala n'kudzuka chitsulo chili pamapewa. Ndimachita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu basi, poti minofu imakula ukamapuma ndi kugona mokwanira. Zolemerazo zikayamba kupepuka ndimawonjezera pang'ono. Mpira wa madzulo alionse ndinauchepetsa, unkandimalizira zonse zimene ndadya.

Sizinayende myaa. Mu Julayi mwera utavuta, asodzi osalowa m'madzi, usipa unakwera mtengo ndipo sikelo inaima milungu isanu. Ndinatsala pang'ono kutaya mtima. Amayi ndi amene anatulutsa thumba la mtedza limene anasunga n'kundisinjira chiponde chodzaza botolo. "Uzipaka pa chinangwa chowiritsa, usasiye," anatero.

Pofika Disembala ndinali pa makilogalamu 61, kutanthauza kilogalamu imodzi pamwezi. Ena amati n'zochedwa, koma ine ndimakhutira nazo, chifukwa zimene zabwerazo zili m'mapewa ndi m'ntchafu, osati pamimba. Sabata yatha ndinatenga malaya anga oyera a kutchalitchi, omwe ndinawachepetsa ndekha zaka ziwiri zapitazo, n'kumasula msoko wa kumsana. Amayi anakhala pamkeka akundiyang'ana ndikuchotsa ulusiwo umodziumodzi, kenako ananyamuka kukateleka nyemba.