Nyimbo pakhonde popanda mawaya

Amene mukufuna kumamvera nyimbo panja kuno ku Mzuzu, yambani mwaganiza za mvula, za besi zibwere pambuyo. Kwathu ku Chiputula khonde linayang'ana kochokera mphepo ndiye kamvula kowaza kaja kamafika mpaka pachitseko, osanenanso nkhungu ya m'mawa mu Juni, chilichonse chimadzuka chonyowa. Pogula sipika muziwerenga pabokosi, ya IPX4 imangopirira madzi owaza, ya IPX7 ndiye olo igwere m'madzi akuya mita 1 kwa mphindi 30 siifa. Ku msika wa Taifa ziliko zambirimbiri koma muziyesa pompo asanakukulungireni.

Ine ndili ndi timasipika tiwiri tofanana, timalumikizana tokha popanda waya ukadina batani lolembedwa kuti TWS, kena kumanzere kena kumanja, ndimatikoleka pamisomali kunsi kwa malata chifukwa ukatiika pasimenti mawu amathera m'miyendo ya mipando.

Vuto lenileni ndi Bluetooth. Nthawi zambiri imafika mamita ngati 10 basi ndipo khoma la njerwa limaidula, ukangolowa ndi foni kukhitchini kukaona ndiwo nyimbo zayamba kale kudukaduka, komanso wina akakuimbira alendo onse pakhonde amva nkhani zanu, za ngongole ndi zomwe. Ndiye ndinatenga kafoni kakale kopanda simu kadi, ndinadzaza nyimbo mu memori, kamangokhala pawindo, bandulo osakhudzidwa.

Magetsi akathima sitidandaula, timatchajiratu masana pa kasola. Ikakwana 9 koloko volyumu ndimatsitsa, aneba ali ndi khanda, kenako tonse tiwiri ndimatilowetsa m'nyumba, zosiya panja usiku zimapeza mwini wina.