Rosita si munthu

Ndisanapite patali, ndinene poyera kuti Rosita si munthu. Rosita ndi mtundu wa kachewere, ija ya khungu lofiirira imene timalima kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mawu amenewa ndawanena kwa mayi a kunyumba, ndawanena kwa apongozi, ndawanenanso kwa akuluampingo awiri amene anabwera kwathu madzulo ena akuti akungodutsa. Ndiye inunso mumve.

Ine ndine mlembi wa kabungwe kathu ka alimi pa Ulónguè. Ofesi yathu ndi kachipinda kamodzi, muli tebulo, sikelo, mulu wa matumba, ndi laputopu imodzi imene timagwirapo tonse: ine, amsungichuma, apulezidenti, ndi aliyense amene walowa n'kunena kuti "ndingoonako pang'ono." Kale zonse tinkalemba m'makope. Kope lina linadyedwa ndi makoswe, lina linanyowa pa njinga yamoto, ndipo apa mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira za makompyuta ku Tete, anati tisiye zachikale. Anatitsegulira Google Sheets, tsamba limodzi lokhala pa intaneti limene anthu ambiri amalembapo nthawi imodzi. Anyamata athu olandira katundu ku Dómuè, ku Calómuè ndi m'midzi ina akayeza thumba, amangolemba pa foni, ife ku ofesi n'kuona. Mtundu uliwonse wa mbewu unali ndi fayilo yake, ndipo amene anapereka mayina a mafayilowo ndine ndemwe. Ya chimanga ndinaitcha Chimanga. Ya nyemba, Nyemba. Ya kachewere, pofuna kuoneka wodziwa ntchito, ndinaitcha Rosita.

Sabata yachiwiri wina anafufuta mzere wathunthu, matumba a mlimi wina n'kusowa, ndipo aliyense anakana. Ndinapsa mtima. Ndinaitana mnyamata uja kuti andipangire njira yoti munthu akangokhudza tsambalo, ine ndidziwe. Iye anatsegula pa Ferramentas, poti makina athu kuno amayankhula Chipwitikizi, n'kundionetsa kuti njira zilipo ziwiri. Ina amakutumizira imelo imodzi patsiku yofotokoza zonse zimene zasintha. Ina amakutumizira nthawi yomweyo.

"Malume, sankhani ya kamodzi patsiku," anatero.

"Iwe, wakuba amadikira mawa?"

Ndinasankha ya nthawi yomweyo. Atachoka, ndinakhala ndekha ndi laputopuyo ngati mwana amene wamusiya m'golosale. Paliponse pamene panalembedwa Notificações ndinayatsa. Imelo ilire pa foni, ndinayatsa. Chrome izindionetsa mauthenga pakona, ndinavomera. Ndinapezanso kabatani kena mu Windows kamene kamatontholetsa mauthenga kokha ukalumikiza kompyuta ku projekita, ndipo ndinati ayi, ine mlembi sindibisiridwa kanthu, n'kukazimitsa. Kabatani kameneka mukakumbukire. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chimene sindinaganize n'chakuti anyamata athu salemba masana. Masana ali pa sikelo, akukangana ndi alimi. Amalemba usiku, foni ikatchajidwa pa sola ya oyandikana nawo, netiweki ikabwerako. Ndiye usiku wa mu Juni, kuzizira kuja kwa ku Angónia koti ngakhale galu sauwa, ife tili m'mabulangete awiri, foni ili pampando wa kumutu.

Ting'.

Sindinasunthe. Ting'. Ting'. Kenako kachetechete pang'ono, woti munthu ayambe kusinza, ndiye ting' wina. Ndinamva bulangete likukokedwa, dzanja likudutsa pamwamba pa nkhope yanga. Kuwala kwa foni kunaunika denga. Mayi a kunyumba sukulu anapitako, Chipwitikizi amawerenga kuposa ine.

"Bambo a mwana."

"Mmm."

"Rosita ndi ndani?"

Ndinaseka. Kumeneko ndiye kunali kulakwa kwanga koyamba, chifukwa mwamuna woseka pa 11 koloko usiku atafunsidwa dzina la mkazi amakhala wavomera kale mlandu. Ndinafotokoza kuti ndi kachewere, yomwe ija tinabzala kudimba chaka chatha, yomwe ija iwo amaikonda yokazinga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula.

"Kachewere ndimaidziwa," anatero. "Ndailima kuyambira ndili mtsikana. Sinandilemberepo kalata usiku."

Ting'.

"Onani, walembanso. Akuti wasintha. Wasintha chiyani, zovala?"

Usiku umenewo ndinagona ndi bulangete limodzi, lopyapyala lija.

Kutacha ndinalumbira kuti palibe chidzalirenso m'nyumba mwanga. Mnyamata uja sindinamuitane, manyazi. Ndinayamba ndi WhatsApp. Gulu la kabungwe, gulu la mpingo, gulu la abale akuchimuna, gulu la maliro a chaka chatha limene mpaka lero anthu amatumizamo mavidiyo a mbuzi zovina, lililonse ndinalikanikiza n'kusankha Silenciar. Pamabwera zosankha zitatu: maola 8, sabata imodzi, kapena mpaka kalekale. Inu mukudziwa kale chimene ndinasankha. Kenako ndinaona kuti gulu ngakhale walitontholetsa, wina akatchula dzina lako ndi kachizindikiro ka @ kaja kapena akayankha uthenga wako, foni imalirabe. Ndiye ndinapita pa gwero penipeni, n'kuyatsa Não incomodar, kamwezi kaja kamaoneka pamwamba pa sikirini. Palibe belu, palibe kunjenjemera, ngakhale munthu aimbe.

Masiku atatu amenewo ndinanenepa. Ndinkadya nsima foni ili zii. Ndinkagona ngati khanda. Bulangete lachiwiri linabwerera, ngakhale eni ake ankandiyang'anabe cham'mbali, poti foni imene inkalira usiku wonse ikangoti chete mwadzidzidzi, nayonso imakhala ndi mlandu wake.

Lachisanu tinkayenera kupita ku Tete kukaonetsa ziwerengero zathu kwa anthu ena amene ankafuna kutithandiza ndi mbewu ndi nyumba yosungiramo zokolola. Lolemba madzulo, msonkhanowo anausuntha n'kuubweretsa Lachitatu, 2 koloko masana. Apulezidenti analemba m'gulu. Ananditchula ndi @. Anaimba kasanu ndi kawiri. Ine ndili kudimba, kuimba mluzu.

Lachitatu, tambala woyamba asanalire, chitseko chinagunda ngati apolisi. Kunja njinga yamoto ikulira, apulezidenti ali chiimire ndi chipewa cha ubweya.

"Alembi! Mwamwalira kapena?"

Ndinavala mumdima. Ndinatola chilichonse chimene dzanja linakhudza, pamwamba juzi, pamwamba pake jekete, n'kuthamangira ku ofesi kukatenga laputopu. Foni ndinaiponya m'thumba ndi kamwezi kake.

Amene sanayendepo ulendo wochoka ku Angónia kupita ku Tete sangamvetse. Umanyamuka mano akugundana, mpweya ukutuluka utsi m'kamwa. Chapa, minibasi ya kuno, ikatsika mapiri n'kukhota pa Mussacama, juzi imayamba kuyabwa. Pofika ku Moatize, pakati pa malole ndi fumbi la malasha, malambe ali mbuu m'mbali mwa msewu, umakhala ngati mbatata ya m'phulusa. Tinali anthu anayi pampando wa atatu, laputopu pamiyendo, nkhuku ya mayi wina pansi pa mapazi anga, moti jekete sindikanatha kuivula popanda kumenya munthu chigongono. Powoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel ndinayang'ana madzi aja ndi mtima wofuna kudumphiramo. Apulezidenti njira yonse sanandiyankhule, kupatula kamodzi pamene anati, "Foni munagula ya chiyani?"

Tinafika nthawi itatsala pang'ono. Chipinda chozizira bwino, tebulo lalitali, mabotolo a madzi, anthu ngati khumi ndi asanu. Kutsogolo kunakhala mayi wina wochokera ku Maputo, wa magalasi, amene aliyense ankamutchula kuti dotora. Mnyamata wa pamenepo analumikiza laputopu yathu ku projekita, n'kutilowetsa pa Wi-Fi yawo. Pakhoma loyera panatuluka tsamba lathu, lalikulu ngati chitseko cha galaja, pamwamba pake dzina: Rosita. Mtima unakhala pansi. Ndinayamba bwino ndithu, Chipwitikizi changa cha pa Ulónguè chikuyenda, matumba akuti, makilo akuti, dotora akugwedeza mutu.

Apa ndiyenera kuulula kanthu kena. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinalumikiza WhatsApp yanga ku laputopu ya ofesi, kuti ndizitumiza zithunzi za malisiti mosavuta, ndipo sindinaitulutsemo. Tsamba lake linkangotseguka lokha pamodzi ndi Chrome. Kamwezi kanga kaja kanali ka pa foni pokha, laputopu sikankaidziwa n'komwe. Ndipo kabatani kamene kakanandipulumutsa pa projekita, ndinakazimitsa ndi chala changa chomwe. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Changa chinaimba belu, kudzera m'masipika a chipinda chonse.

Ting'.

Pakona ya kumanja, pansi, panatuluka kabokosi. Pa laputopu kamakhala kakang'ono ngati bokosi la machesi. Pakhoma kanali ngati chikwangwani cha sitolo. Dzina: Mayi a Mwana. Uthenga: "Mwafika? Foni simukuyankha."

Ndinapitiriza ngati sindinaone. Ting'.

"Mwavala kabudula wamkati uja wobooka kumbuyo. Wabwino mwamusiya pachingwe."

Anthu a ku Tete amayankhula Chinyungwe, koma musadzinamize kuti Chichewa sachimva. Bambo wina kumapeto kwa tebulo anatsamwa ndi madzi. Mtsikana wolemba za msonkhano anaphimba nkhope ndi kope, mapewa akugwedezeka. Dotora anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti kwalembedwa chiyani. Ine ndinati ndi moni chabe wa kunyumba. Koma apulezidenti, amene anali asanaiwale za m'mawa, anakonza kukhosi n'kumasulira mawu onse m'Chipwitikizi chomveka bwino, chimene sindinkadziwa kuti ali nacho. Mpaka liwu lakuti kubooka analipeza.

Ting'.

"Kapena Rosita wakugulirani watsopano."

Mitu yonse inatembenukira pamwamba pa khoma, pamene dzina lija linali tayale m'zilembo zikuluzikulu. Dotora anavula magalasi. Thukuta linali kamukamu m'kati mwa juzi, m'chipinda chozizira chomwecho. Ndinagwira mbewa ya kompyuta kuti nditseke kabokosiko, koma dzanja likunjenjemera, ndinaphonya kamtanda kaja n'kudina pakati penipeni. Mukadina pakati, uthenga suchoka. Umatseguka wonse.

Khoma lonse linadzaza ndi macheza a ine ndi mkazi wanga. Ndipo pamwamba pang'ono pa nkhani ya kabudula, mu kabokosi kobiriwira kosonyeza kuti wolemba ndine, panali uthenga wa sabata yapitayo, umene ndinalemba tili pa msonkhano wina: "Ndichedwa. Mdala uyu wayamba kuyankhula, ndi wailesi yopanda batani lozimitsira."

Apa womasulira wathu anangoti kukamwa yasa. Dotora anadikira, n'kufunsa kuti nanga apo pakuti chiyani. Apulezidenti anati pamenepo palibe chofunika. Bambo wotsamwa uja anakweza dzanja, misozi ili m'maso, n'kunena kuti iye angathe kuthandiza.

Ndinagwada pansi pa tebulo kuti ndizule chingwe cha projekita. Ndinazula cha magetsi a tebulo lonse, projekita n'kuzima pamodzi ndi masipika ndi tchaja ya foni ya dotora. Ndili chogwada choncho, msana kwa anthu, ndinakumbukira uthenga wachiwiri uja, ndipo ndinadzuka mofulumira moti mutu unagunda tebulo, mabotolo awiri n'kugubuduka.

Msonkhano unapitirira, ziwerengero ndinamaliza kuwerenga pa sikirini ya laputopu anthu ataunjikana kumbuyo kwanga. Potsanzikana, dotora anandigwira chanza n'kunena kuti ndikapereke moni kunyumba, kwa onse awiri.

Pobwerera tinakwera chapa imodzi, mpando umodzi, ine ndi apulezidenti, maola onse aja. Wailesi sinayankhule. Titadutsa Mussacama, mphepo yozizira itayamba kulowa pawindo, anangoti, osandiyang'ana, "Batani lija mwalipeza, alembi."

Mawa lake mnyamata uja anabwera yekha, nkhani itamupeza kudzera m'gulu la abale, limene ine ndinali ndisanalitsegule. Sanaseke pamaso panga, ndimuyamikire pamenepo, ankatuluka panja kaye. Analowa pa foni yanga pamene pamaoneka zipangizo zolumikizidwa, n'kuitulutsa laputopu ya ofesi. Imelo ya Google Sheets anaibwezera pa kamodzi patsiku. Kamwezi anakakonza kuti kaziyaka kokha usiku n'kuzima m'mawa, ndipo anaika anthu awiri oti akaimba foni izilira ngakhale pakati pa usiku: mayi a kunyumba ndi apulezidenti. Kabatani ka projekita anakayatsanso, n'kundiuza kuti, "Malume, apa musadzagwirepo." Pa laputopu anatsegulira aliyense khomo lake ndi mawu ake achinsinsi, ndipo amsungichuma anadandaula kwambiri, zimene zinandidziwitsa kuti macheza anga anali ndi owerenga ena kalekale.

Kunyumba mlandu unatha pamene ndinabweretsa laputopu n'kuwaonetsa mayi a mwana tsamba lonse, mzere ndi mzere, mayina a midzi ndi makilo. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti Rosita ameneyu ndi wonenepa ndithu, matani onsewa. Kabudula uja anamusandutsa chopukutira mapoto. Pamsika wa pa Ulónguè, amayi ogulitsa kachewere akandiona amakuwa kuti, "Alamu, bwerani mudzaone akazi anu, lero atsika mtengo!"

Sabata yatha apulezidenti, amene tsopano amayankhula mwachidule ndikakhalapo, anandiuza kuti alimi ambiri chaka chino abzala mtundu wina, ndiye nditsegule fayilo yatsopano. Ndinafunsa kuti mtundu wanji. Anati Violet.

Fayiloyo ndaitcha Matumba 2.