Tambala wa a Dependabot

Gulu lathu la olemba mapulogalamu a kompyuta lili ndi anthu a ku Chikanda, ku Matawale, ku Chinamwali, ena ali ku Joni, koma khodi yathu, malangizo omwe timalembera kompyuta, tonse timasunga pa GitHub, webusaiti yosungirapo khodi. Chaka chikupita kumapeto, komiti inagwirizana zopereka mphoto kwa membala wolimbikira kuposa onse. Poti ine ndimakonda kudzitama ndi Python, chinenero cholembera mapulogalamu, ntchito yowerengera inagwera ine. Mphoto yake inali tambala wachikuda wamoyo, wogula pamsika wa Zomba ndi ndalama zosonkherana.

Ndinakoka ziwerengero zonse mu fayilo ya CSV, yokhala ngati tebulo, n'kuzithira mu pandas, chida cha Python chosanthulira ziwerengero: ndani watumiza ma commit (zosintha pa khodi, chilichonse ndi kauthenga kake) angati, ndani watsegula ma pull request (mapempho oti zosinthazo zilandiridwe), ndani analowa liti. Pomwe panali mipata ndinadzazapo ziro. Tizizindikiro tachilendo pa mayina ndinatisesa, chifukwa deta imafuna ukhondo. Magirafu anatuluka okongola moti ndinagona mochedwa ndikungowayang'ana.

Tsikulo ndinavala jekete, tambala tam'manga miyendo pansi pa tebulo, pulojekita yobwereka ikuwala pakhoma. Girafu yoyamba inali ya kukula kwa gulu. A Tcheya athu, mdala amene anaphunzira COBOL, chinenero chakalekale cha makompyuta, ife tisanabadwe, anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Achimwene, anthu awa analowa gulu lathu pa 1 Januwale 1970, 2 koloko usiku?"

Ndinati ziwerengero sizinama.

"Nthawi imeneyo likulu la dziko linali konkuno ku Zomba, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. GitHub inadzayamba mu 2008. Khodi yawo ankalemba pa sileti?"

Nkhani yake ndi yakuti makompyuta ambiri amawerenga nthawi ngati masekondi kuyambira pakati pa usiku wa 1 Januwale 1970, pa nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse limayezerapo mawotchi. Ukaipatsa ziro, imakubwezera pa tsiku limenelo, ndipo poti ife tili patsogolo ndi maola awiri, imati 2 koloko. Ine ndinangoti amenewo ndi mamembala okhulupirika, tiyeni tipitirire.

Kenako tinafika pa mwini tambala. Apa ndinayankhula ndi mtima wonse. Munthu uyu, abale, amagwira ntchito usiku, Lamulungu, ngakhale pa Khirisimasi. Sanadandaulepo za bando, sanadandaulepo za magetsi. Uthenga wake ndi waulemu, wolongosoka. Achinyamata inu ongodziwa kutumiza zithunzi zoseketsa, tengeranipo phunziro.

"A Dependabot, tabwerani kutsogolo!"

Zii. Ndinaitananso mokweza, poganiza kuti mwina ndi amanyazi, monga akhalira anthu anzeru. Anthu ena anayamba kuombera m'manja kuti awalimbitse mtima.

Kumbuyo kunakwera kadzanja ka mtsikana wa chaka choyamba ku Chirunga.

"Ankolo, pepani, ameneyo si munthu. Ndi loboti ya GitHub. Ntchito yake ndi kuona ngati laibulale, khodi ya ena yomwe tikugwiritsa ntchito, yatuluka yatsopano, n'kutsegula pull request yokha. Kumapeto kwa dzina lake kumakhala mawu akuti bot."

Mawu amenewo ndi aja anapita ndi tsache langa la ukhondo.

Chiphokoso chitatsika, a Tcheya anati palibe vuto, tambala apite kwa wachiwiri. Ndinadina, ndipo dzina lomwe linatuluka linali langa. Ndinayamba kale kuwerama kuti ndimunyamule pamene msungichuma anati tione kaye ntchito yake. Anawerenga mauthenga a ma commit anga mokweza, mmodzimmodzi, ndi mawu a mlaliki: "ndakonza", "ndakonzanso", "tsopano zatheka", "ayi sizinatheke", "bwererani poyamba", "chonde Ambuye". Onsewo anali a fayilo imodzi, ndipo fayiloyo mpaka lero sigwira ntchito.

Ine ndimati commit ndi commit, ndipo malamulo a mpikisano sanatchule zoti khodi izigwira ntchito. Komiti sinandimvere. Inavota pokweza manja, popanda girafu iliyonse, kuti tambala apite kwa mtsikana uja.

Koma iye anati amaopa nkhuku. Choncho ine, ndi jekete langa, laputopu kumsana, ndinakwera kabaza kukam'perekera tambala ku Chikanda, ndipo wakabaza anandilipiritsa ya anthu awiri.