Makhadi athu anayambira m'thumba la zinyalala kwa telala

Pakhonde la telala wina pafupi ndi msika wa Nsungwi, ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, pankakhala thumba la saka lomwe ankaponyamo zidutswa za nsalu. Likadzaza, mnyamata wake ankakalikhuthulira kudzala n'kuyatsa moto. Ndinadutsapo kwa zaka ndithu osaliona ngati kanthu. Ndinadzaliona mu 2020, boma litatseka sukulu m'mwezi wa Marichi chifukwa cha Covid-19. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya mkaka, ndipo makolo atasiya kulipira, nawo malipiro athu anathera pompo.

Kudula mapepala ndi kumata ndinali nditazolowera kale, paja ntchito ya ana a mkaka ndi yomweyo. Ndiye tsiku lina ndinaima pakhonde paja n'kupempha.

"Achimwene, zidutswazi mungandigawireko?"

"Tengani thumba lonse amayi, mwandipeputsira ntchito. Koma saka yokha mubweze."

Makhadi anga oyamba a mafuno abwino, kunena zoona, anali oipa. Ndinkangotengera aja a m'mashopu akuluakulu a ku City Centre: mawu a Chingerezi, timaluwa, tonyezimira towaza paliponse mpaka m'ndiwo. Nsalu ndinkangoimata m'mphepete ngati mkombero. Munthu akaika langa pambali pa la m'shopu, langa linkaoneka ngati losauka pa awiriwo. M'miyezi itatu ndinagulitsa asanu ndi awiri, ndipo anayi anagula ndi abale pondimvera chisoni. Mlamu wanga, amene sabisa mawu, analitembenuza khadi limodzi uku ndi uku n'kundifunsa kuti, "Mlamu, kodi limeneli amadyera nsima?" Ndinakwiya, koma ankanena zoona. Kwathu kuno pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, mayi amayembekezera chitenje, shuga, mafuta ophikira kapena kandalama. Ukawapatsa pepala lokha, adzathokoza mwaulemu koma mumtima akudabwa kuti mwanayu watani.

Zinthu zinatembenuka pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga ku Kawale. Monga mwa masiku onse, akuchikazi tinagula chitenje chimodzimodzi, chobiriwira cha masamba achikasu, ndipo telala yemwe uja ndi amene anatisokera. Zidutswa zake ndinazipeza m'thumba. Usiku wina ndikuzisankhula ndinaganiza zodula kamtsuko pa nsaluyo, ndinakamata pakati pa pepala loyera, pansi n'kulemba ndi dzanja kuti "Zikomo potiyimirira." Ndinapanga makumi anayi oti tipatse ankhoswe, akomiti ndi amayi ophika. Sindinaganize n'komwe zogulitsa.

Perekaniperekani ali mkati, ndinaona amayi ena achikulire atagwira khadi lija, akuliyerekeza ndi nsalu yomwe anavala, kenako n'kugwedeza mnzawo kuti aone. Tsiku limenelo anthu atatu anatenga nambala yanga. Aliyense funso lake linali limodzi: "Tikakubweretserani nsalu ya ukwati wathu, mungapange?" Kuyambira pamenepo ndinasiya kupikisana ndi shopu. Shopu ilibe chidutswa cha chitenje chimene banja lanu linavala.

Kapangidwe kake kali ndi kachinsinsi kamodzi komwe ndinakaphunzira nditaononga nsalu zambiri. Chitenje ukangochidula chikadali chofewa, ulusi umayoyoka m'mphepete ndipo mtsuko umasanduka dzungu. Ndiye ndimayamba ndachapa zidutswa, n'kuziviika m'phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, kuziyanika, kenako kuzisita. Nsalu imauma gwa ngati pepala, ndipo lumo limayenda momwe ukufunira, ngakhale khosi lopyapyala la mayi wosenza mtolo wa nkhuni. Pepala la manila ndimalipinda polemba mzere ndi rula, n'kutsindika ndi kumbuyo kwa supuni kuti mpindo ukhale wakuthwa. Pomata ndimagwiritsa ntchito guluu woyera wa akalipentala, wochepa kwambiri, wopaka ndi kamtengo ka machesi. Ukachulutsa, pepala limachita makwinya. Akatha, makhadi amagona usiku wonse pansi pa mabuku olemera, ndipo Baibulo lalikulu la bambo a kunyumba lagwira ntchitoyi kuposa buku lina lililonse m'nyumba muno.

Poyamba ndinkamatira phala la chinangwa lomwelo pofuna kupulumutsa ndalama ya guluu. Linandilanga mu Januwale, mvula ili pakati. Ndinali ndi oda ya makhadi 120 oitanira anthu ku ukwati. Ndinamaliza Lachitatu, n'kuwasanja m'katoni kuchipinda chosungira katundu. Potsegula Loweruka, apansi anali atachita chuku, apamwamba mphemvu zitanyambita phala mpaka kuboola pepala. Ndinakhala pansi pasimenti osalankhula. Nsalu ya eni ake inali itatsala pang'ono, moti tinachita kuchepetsa kamtima kalikonse kuti ikwanire. Tinagwira masiku awiri usana ndi usiku, ine, mwana wanga wachisamba ndi mlamu yemwe uja wa nsima, magetsi atazima tikuunikira tochi ya foni. Phindu la oda imeneyo linapita lonse, koma makhadi anafika tsiku lake. Lero chilichonse chomalizidwa chimalowa m'ndowa ya chivindikiro, ndipo m'dzinja sindilandira oda yaikulu ya masiku osakwana khumi.

Zinazo zinangobwera motsatana. Zitsekerero za mabotolo zomwe ana amanditolera pa magolosale timazikuta ndi nsalu n'kukhala ndolo. Zitini za mkaka wa ufa zimasanduka zoikamo zolembera. Mabotolo timawakulunga ndi chingwe cha khonje kuti akhale oikamo maluwa pa matebulo a ukwati, koma apa pali kusankha: botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi lomwe limabwezedwa palibe angakupatse ulere chifukwa ndi ndalama, choncho timasaka a vinyo ndi ena osabwezedwa m'malo odyera. Mikanda ya mapepala ndinayesa n'kuisiya. Imadya tsiku lonse, ndipo ogula amafuna kuilipira ngati mtengo wa mandasi.

Nkhani ya mtengoyi ndi imene yandivuta kuposa lumo ndi guluu. Kwa chaka chathunthu ndinkawerengera pepala, guluu ndi envulopu, nthawi yanga osaiwerengera ayi, ngati kuti manja ndi aulere. Amayi a ku banki m'khonde yathu ndi amene ananditsegula maso pamene ndinkapempha ngongole yogulira chodulira mapepala. Msungichuma wathu anandifunsa kuti khadi limodzi limanditengera mphindi zingati, ndipo titawerengera limodzi tinapeza kuti wogulitsa tomato pamsewu ankandiposa. Ndinakweza mtengo mwezi womwewo. Makasitomala awiri anathawa, ena onse anatsala.

Kenako kwacha inagwa, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Manila ndi guluu zinakwera moti ukapita ku Old Town ndi ndalama ya sabata yatha, umabwerako ndi theka la katundu. Maenvulopu ndinasiyiratu kugula. Timapinda tokha kuchokera ku makalendala akale, mbali yoyera kunja, zithunzi mkati, ndipo anthu ena amawakonda kuposa khadi lenilenilo. Timapepala tapulasitiki tokutira tija tinatisiyanso. Ndi ndalama ina, komanso mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 boma linawaletsa kuyambira 2015, ngakhale nkhaniyi inakokanakokana m'makhoti kwa zaka zambiri. Timangomanga ndi kachingwe ka khonje basi.

Shopu tilibe. Ndimaika zithunzi pa WhatsApp ndi Facebook, munthu amatumiza theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu n'kupita pa kabaza kapena tikumane pa depoti. Za theka loyambalo sindinyengerera, ngakhale kwa a mpingo wathu, chifukwa mawu oti "ndikuonani mwezi ukatha" anandidyera makhadi ochuluka. Mnyamata wina wogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ku Old Town amanditengerako ochepa oti agulitse kwa alendo akunja. Iwowo amafuna mlambe, bwato ndi njovu, mkati mopanda mawu. Amalawi amatsegula kaye mkati kuti aone zomwe zalembedwa, ndipo lomwe limatha msanga chaka chilichonse ndi lija lolembedwa kuti "Amayi, munandibereka kumsana." Amaligula limodzi ndi chitenje, n'kulilowetsa mkati mwa mpindo wake.

Oda yomwe sindiiwala inachokera kwa mtsikana wina wa ku Chinsapo. Anabwera ndi chitenje chakale chofwifwa, chong'ambika pakona, chomwe malemu mayi ake ankakonda kuvala popita kumunda. Banja linkamanga chiliza, ndipo iye ankafuna kuti mwana ndi mdzukulu aliyense atenge kachidutswa. Ndinachigwira nthawi yaitali ndisanadule. Sindinachiviike m'phala, ndinaopa kuchotsa kafungo ka utsi komwe kanali kadakalimo. Ndinadula tizidutswa 23 tamakona anayi, osajambula chilichonse, ulusi n'kuusiya uyoyoke momwemo.

Telala uja masiku ano sayatsanso moto. Ali ndi matumba awiri, lina la zinyalala zenizeni, lina langa, ndipo akasoka za ukwati amandimangira zidutswa zake padera. Okutobala wathayu anandiitana ndikudutsa, akuyankhula motsitsa mawu kuti anyamata ake asamve.

"Amayi, mundipangireko limodzi la mayi anga ku Dedza. Koma mulembe zilembo zikuluzikulu, maso anayamba kuvuta."

Ndinamufunsa kuti nsalu yake ikhale iti. Anatsegula kabati ya makina n'kutulutsa kachidutswa kofiirira komwe anali atasunga kale.