TB ya okalamba: pomwe mutu wanga watseguka

Mtima wakhala pansi tsopano. Zizindikiro za TB tinaloweza m'kalasi zija, kutsokomola milungu iwiri, kutentha thupi, thukuta la usiku, magazi m'makhololo, zambiri zimabwera chifukwa thupi likulimbana ndi tizilombo. Agogo a zaka 78 chitetezo chawo chinafooka, ndiye nkhondoyo imachitika mwakachetechete. Chomwe chimaoneka ndi kuonda, kusafuna kudya, kufooka, mwina kusokonezeka mutu, ndipo aliyense amangoti ndi ukalamba.

Ukagwira mfundo imeneyi zina zonse zimangotsatira. Mabowo a m'mapapo amabooledwa ndi nkhondo yomweyo, choncho kwa okalamba amachepa, ndipo X-ray imatha kuonetsa matenda kumunsi kwa mapapo ngati chibayo wamba. Mabowo akachepa, tizilombo m'makhololo timachepanso, pomwe maikulosikopu imafuna 5,000 mpaka 10,000 pa mililita kuti itione. Kuyeza kwa pakhungu, kowerengedwa pakatha maola 48 mpaka 72, nakonso kumadalira chitetezo, ndiye kumatha kungoti zii. GeneXpert, makina ofufuza DNA ya tizilombo ta TB omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2010, ndiwo amathandiza, koma makhololo akhale enieni, osati malovu. Akakanika kutuluka, nthunzi ya madzi amchere a 3% imawakoka. Ndipo wopereka mankhwala a levofloxacin poganiza kuti ndi chibayo wabisa TB: wodwala amapezako bwino pang'ono, matenda ali pompo.

Koma ine chida ndachikonda ndi sikelo, mwinanso kuposa makina onsewa. Piritsi la TB la RHZE (rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol) ndi 150/75/400/275 mg, ndipo wa makilo 38 mpaka 54 amamwa atatu. Sikelo yomweyo imaulula za impso. Tengani mayi wa zaka 78, makilo 40, creatinine (zinyalala za m'magazi zomwe impso zimasefa) 1.0 mg/dL. Papepala zili bwino. Koma kuti muone liwiro lomwe impso zikusefera, chotsani 78 pa 140, chulukitsani ndi 40, gawani ndi 72, chulukitsani ndi 0.85: zikutuluka 29 mL pa mphindi. Pansi pa 30, ethambutol ndi pyrazinamide zimaperekedwa katatu pa mlungu, apo ayi ethambutol amaunjikana n'kuwononga maso. Minofu yochepa imatulutsa creatinine wochepa, bodza lake lagona pamenepo.

Chondinyansa n'chakuti m'kalasi okalamba amapatsidwa mphindi zisanu zakumapeto, mphunzitsi akupinda kale mapepala. Za rifampicin kufooketsa warfarin (woletsa magazi kuundana), amlodipine (wa BP) ndi glibenclamide (wa shuga) amangozidumpha, chonsecho odwala amenewa ndi amene amamwa mankhwala ambirimbiri. Pyridoxine (vitamini B6) woteteza ku dzanzi lobwera ndi isoniazid amatchulidwa ngati chongowonjezera.

Pa chiwindi malire ndawamva: ALT, yoonetsa kuvulala kwa chiwindi poyeza magazi, ikakwera kasanu kuposa mlingo wabwino, kapena katatu wodwala akusanza kapena maso achita chikasu, imitsani mankhwala. Pondizunguza ndi pa pyrazinamide. Akatswiri ena amamuchotsa kwa opitirira zaka 75, koma ukatero miyezi 6 yakumwa mankhwala imakhala 9, ndipo miyezi itatu yowonjezera kwa munthu woiwalaiwala si pang'ono. Agogo a makilo 40 aja atakhala patsogolo panga, kaya ndingasankhe ziti.