Buledi wa sourdough: zimene taphunzira posiyanitsa weniweni ndi wongofanizira

Munthu amene anakulira pakhomo pophikidwa thobwa, theka la phunziroli akulidziwa kale. Thobwa la lero limakhala lotsekemera, mawa layamba kusasa, mkuja likuchita thovu lokha popanda wothiramo yisiti wa m'paketi. N'chimodzimodzi ndi mphale yoviika: likamakwana tsiku lachitatu, matsukwa ake amakhala ndi kafungo kowawasa. Ogwira ntchito pamenepo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso ta magulu awiri, yisiti wachilengedwe ndi mabakiteriya opanga asidi. Magulu awiri omwewa ndi amene amatupitsa buledi wa sourdough, kungoti chakudya chawo chimakhala fulawa wa tirigu.

Wophika amasunga phala laliwisi la fulawa ndi madzi m'botolo, n'kumalidyetsa nthawi ndi nthawi. Ife tikulitchula kuti chotupitsa, mawu amene ambiri timawamva kutchalitchi, ndipo ndi oyenera chifukwa anthu a m'nthawi za Baibulo ankatupitsa mkate ndi kachidutswa ka ufa wokanda kotsala dzulo. M'chotupitsamo yisiti amatulutsa mpweya wokweza buledi, pomwe mabakiteriya amapanga asidi wa mitundu iwiri: lactic, wofatsa ngati wa chambiko, ndi acetic, wakuthwa ngati wa viniga. Mmodzi mwa mabakiteriyawa anafotokozedwa mu 1971 ndi akatswiri awiri, Kline ndi Sugihara, atafufuza zotupitsa za ku San Francisco, ndipo anapatsidwa dzina la mzindawo, ngakhale pambuyo pake wapezeka m'zotupitsa za mayiko ambiri.

Chachikulu chimene tatolapo pa phunziro lonseli n'chakuti wogula sourdough amalipira nthawi. Buledi wa m'mafakitale, wa njira ya Chorleywood yomwe inayamba ku Britain mu 1961, amachoka pa fulawa kufika potuluka mu uvuni m'maola atatu ndi theka kapena cha pomwepo. Sourdough kawirikawiri amafuna maola 12 mpaka 24, kusawerengera masiku olera chotupitsa. N'chifukwa chake mtengo wake umakwera, ndipo n'chifukwa chakenso pamabwera chiyeso chotenga dzinalo koma nthawiyo n'kuidumpha.

Njira zofanizira zilipo zitatu zodziwika. Ena amakanda buledi wamba wa yisiti n'kuthiramo viniga kapena chambiko kuti awawase. Ena amagula ufa wa chotupitsa chouma, chomwe tizilombo take tinafa kale poumitsa, chongopereka fungo, kutupitsako akuchita yisiti wa m'paketi. Enanso amathiramo chotupitsa chamoyo pang'ono, koma yisiti wambiri, moti buledi watupa m'ola limodzi mabakiteriya asanagwire ntchito iliyonse. Ku Britain, bungwe la Real Bread Campaign limatchula buledi wotereyu kuti sourfaux, kutanthauza wonamizira. Ku France nkhaniyi anaiika m'lamulo mu 1993: buledi wotchedwa pain au levain, dzina lawo la sourdough, pH yake (muyeso wa asidi, umene nambala yake imatsika asidi akamachuluka) isapitirire 4.3, mkati mwake mukhale asidi wa acetic wochokera m'kusasa komweko wosachepera mamiligalamu 900 pa kilogalamu, ndipo yisiti wogula, ngati wathiridwa pomaliza kukanda, asapose magalamu 2 pa kilogalamu ya fulawa. Buledi wamba pH yake imakhala pamwamba pa 5.

Tinene poyera kuti buledi wa yisiti si woipa. Masikono ndi buledi wa pagolosale zadyetsa mabanja ambiri ndipo zipitiriza. Cholakwika ndi kumupatsa dzina losakhala lake, wogula n'kulipira maola amene sanadutse.

Ngati buledi ali m'pepala lolembedwa, yambani ndi mndandanda wa zothiramo. Weniweni amafuna fulawa, madzi ndi mchere basi, mwina ndi nthangala zina zokometsera. Mukaona yeast, vinegar, kapena mankhwala monga calcium propionate ndi emulsifier, dziwani kuti mwina wathamangitsidwa. Koma musadabwe mukaona mavitamini ndi ayironi: fulawa wa kuno amawonjezeredwa zimenezo kufakitale, si chinyengo cha wophika.

Vuto ndi lakuti buledi wambiri wotere amagulitsidwa wopanda pepala, ndipo maso amanamizika msanga. Mabowo akuluakulu mkati sakutsimikizira kanthu, amangoonetsa kuti ufa unali ndi madzi ambiri ndipo sunafinyidwe. Buledi wa ku Italy wotchedwa ciabatta ali ndi mabowo otero koma kawirikawiri ndi wa yisiti. Timatuza ta pakhungu timabwera ufa wokanda ukagona m'firiji, kaya ndi wa chotupitsa kaya ayi. Fulawa wowaza pamwamba ndi mizere yocheka ndi lezala aliyense angachite. Ngakhale kuwawasa kumene sikokwanira. Sourdough weniweni wophikidwa ndi chotupitsa chongodyetsedwa kumene akhoza kuwawasa pang'ono zedi, pomwe wa viniga akhoza kuluma lilime. Kusiyana kuli pa kabweredwe ka kuwawasako. Kwa viniga kumakumenyani pa kuluma koyamba, kumakwera m'mphuno, kenako kuzimiririka n'kusiya buledi wozizira wopanda kukoma. Kwa chotupitsa kumabwera mochedwa mukamatafuna, kuli ndi kafungo ka chambiko ndi ka tirigu wokazinga, ndipo kumatsalira m'kamwa.

Zizindikiro zodalirika kwambiri zili mkati. Dulani chidutswa muyang'ane makoma a timabowo: mwa weniweni amakhala onyezimira pang'ono ngati phala lozizira, ndipo mukakoka amatamuka asanaduke. Finyani ndi zala, amabwerera. Wongofanizira mkati mwake mumakhala moyera mbee, mofewa ngati thonje, ndipo mukafinya amasanduka kampira komata. M'manja weniweni amalemera kuposa mmene akuonekera. Komabe palibe chizindikiro chimodzi mwa izi chimene chingaime chokha, n'chifukwa chake timati funsani wophikayo. Mafunso ake ndi aulemu ndithu: "Bambo, chotupitsa chanu mumachidyetsa kangati? Ufa umenewu munakanda nthawi yanji? Mumathirako yisiti?" Wophika weniweni sachita kuganiza, amakuuzani ola, amakudandaulirani za kuzizira kwa Juni, mwinanso kukutulutsirani botolo lenilenilo.

Kuti mayankho akewo muwamvetse, ndiponso kuti mphuno yanu iphunzire, palibe njira ina yoposa kulera chotupitsa chanu. Tengani botolo lagalasi loyera, muthiremo magalamu 50 a fulawa ndi magalamu 50 a madzi, takasani, vundikirani osamanga kwambiri. Fulawa wogayidwa ndi madeya ake ndiye wabwino poyambira, chifukwa tizilombo tambiri timakhala pa khungu la njere. Amene angapeze tirigu wa ku Tsangano n'kukagayitsa ali ndi mwayi. Fulawa wothira kale zotupitsa, uja wolembedwa self-raising, musamugwiritse ntchito. Madzi a pamjigo ali bwino. A pampopi akakhala ndi fungo la klorini, atungeni agone usiku m'ndowa yosavundikira. Tsiku lililonse sungani magalamu 50 okha a phalalo, muwonjezere fulawa 50 ndi madzi 50.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu phalalo limatupa kwambiri ndi fungo loipa, munthu n'kuganiza kuti zatheka. Amenewo ndi mabakiteriya ena oyamba, amene amafa asidi akachuluka. Kenako botolo limakhala zii masiku awiri, atatu, ngakhale anayi, ndipo apa ena amataya. Musataye, pitirizani kudyetsa. Yisiti amayamba kukhazikika asidi akakwanira. Kumalo otentha zimatenga sabata imodzi. Kuno ku Dedza, makamaka mu Juni ndi Julayi, lolani masabata awiri kapena kuposa. Tizilomboti timasangalala pa madigiri 24 mpaka 27, pomwe khitchini ya kuno m'chisanu usiku imatsika kutali ndi pamenepo. Kulungani botolo m'nsalu muliike pafupi ndi botolo lina la madzi ofunda, kapena m'dengu lofunditsira chakudya. Pamoto penipeni ayi, chifukwa kutentha kukapitirira madigiri 50 yisiti amayamba kufa. Mangani labala pabotolo polekezera phala: likamafika kawiri msinkhu wake m'maola 4 mpaka 8 mutadyetsa, masiku atatu otsatizana, chotupitsa chakhwima. Madzi otuwa oyandama pamwamba ndi njala chabe, akhuthuleni mudyetse. Koma mukaona chuku chaubweya, kapena mizere yapinki kapena yaolenji, tayani zonse muyambirenso.

Buledi mmodzi amafuna magalamu 500 a fulawa wa buledi, magalamu 325 a madzi, magalamu 100 a chotupitsa chomwe chili pachimake, ndi magalamu 10 a mchere. Malangizo ambiri akunja amanena madzi 350 kapena 375, koma fulawa wopanda mphamvu sangawasunge, ufa umangoyenderera pathebulo. Yambani ndi 325, mudzawonjezera mukamudziwa fulawa wanu. Sikelo ndi yofunika, makapu amanama chifukwa fulawa wopapatiza ndi womasuka salemera mofanana.

Sakanizani zonse, siyani mphindi 30, kenako pindani: nyowetsani dzanja, kokani mbali imodzi m'mwamba, muigonetse pakati, muzungulire mbali zonse zinayi. Chitani zimenezi kanayi, mphindi 30 zilizonse. Mukatero vundikirani. Pa madigiri 25 ufa umafuna maola 5 kapena 6 kuchokera pokanda, pa madigiri 17 ungafune maola 10 kapena kuposa. Musamadalire wotchi yokha. Ufa wokonzeka umakhala utakula ndi theka la mmene unalili kapena kuposerapo pang'ono, pamwamba pali thovu, ndipo mukagwedeza beseni umanjenjemera. Pali kanthu kena ka kuno kumapiri: tauni ya Dedza ili pafupifupi mamita 1,600 pamwamba pa nyanja, mpweya ndi wopepuka, choncho thovu m'kati mwa ufa limakula msanga. Kuzizira kumachedwetsa, kukwera kwa malo kumafulumizitsa, ndipo mu Okutobala kuzizirako kukachoka ufa umakupitirirani mosayembekezera.

Umbani mpira wothina pamwamba, muuike m'kadengu koyalamo nsalu yowazidwa fulawa, chakumsoko kuyang'ana kumwamba. Usiyeni ola limodzi kapena awiri, kapena ugone m'firiji usiku wonse ngati mukufuna kuwawasa kokulirapo. Dinani ndi chala: dzenje likamabwerera pang'onopang'ono osatheratu, nthawi yakwana.

Chofunika pophika ndi nthunzi. Mphindi 20 zoyamba khungu liyenera kukhala lofewa kuti buledi atupe, ndiye mphika wachitsulo wokhuthala wokhala ndi chivundikiro umathandiza. Utenthetseni kaye mu uvuni pa madigiri 240 kwa theka la ola, ikani buledi, chekani mzere umodzi pamwamba, vundikirani mphindi 20, kenako vundukulani muphikenso mphindi 20 mpaka 25 pa madigiri 220 kufikira khungu litada ngati nkhoko yapsa bwino. Pa mbaula zimathekanso monga timachitira ndi chigumu, makala ochepa pansi, ambiri pachivundikiro, koma muyale kachitsulo kena kapena mchenga pansi pa mphika, apo ayi matako a buledi apserera mkati musanapse. Amene ali ndi choyezera kutentha akumbukire kuti kuno madzi amawira pa madigiri 95, choncho mkati mwa buledi simungafike 98 imene malangizo ena amanena. Dikirani maola awiri musanadule.

Buledi wolemera, wonyowa pansi, wokhala ndi mabowo ochepa akuluakulu pakati pa mnofu wothinana, sanasase mokwanira, kapena chotupitsa chinali chofooka. Wophwatalala, wotuwa khungu, wowawasa kwambiri, anapitirira: asidi anadya ulusi wa gluten, puloteni ya m'tirigu imene imachititsa ufa wokanda kutamuka, ndipo shuga woti adetse khungu anatha. Wong'ambika m'mbali anasowa nthunzi kapena sanachekedwe mozama. Womata pa mpeni anadulidwa akadali wotentha.

Pa za thanzi tisawonjezere. N'zoona kuti asidi ndi maola ambiri zimachepetsa phytate, chinthu cha m'madeya chimene chimalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi ndi zinki. Koma gluten akadalimo, ndipo munthu wodwala matenda a coeliac, amene thupi lake limadana ndi gluten, sayenera kudya sourdough wa tirigu, ngakhale wogulitsa atalonjeza zotani.

Mukaphika wanu, gulani uja mukumukayikirayo, muwakulunge onse awiri m'nsalu, osati m'pulasitiki kapena m'firiji, muwadule tsiku lililonse. Weniweni amalimba kunja koma mkati amakhalabe wonyowa mpaka tsiku lachinayi kapena lachisanu, chuku chimachedwa kumugwira chifukwa cha asidi, ndipo mukamuwotcha pamakala fungo lake limabwerera. Wa yisiti wopanda mankhwala amayamba kuyoyoka tsiku lachiwiri. Amene ali wofewa ngati thonje tsiku lachisanu, wosalimba, wosasintha fungo, ali ndi zofewetsa za kufakitale.